Ulendo wa ku Turkmenistan mu Okutobala: amene anapitako atithandize

Nachisale (Leeds):
Moni nonse a m'gulu lino. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Chaka chino ine ndi bambo a kunyumba tikukwanitsa zaka 25 tili m'banja, ndipo tinapangana kalekale kuti tsikulo lisadzatipeze pakhomo. Iwo mtima wawo uli ku Turkmenistan. Anaona chithunzi cha chidzenje choyaka moto chija cha ku Darvaza, pakati pa chipululu cha Karakum, ndipo chionereni sakambanso za dziko lina. Mlongo wanga wamng'ono, Chikondi, amene ali ku Lilongwe, nayenso wati sangatsale.

Ndalembera makampani awiri a zokopa alendo a ku Ashgabat, likulu la dzikolo, ndipo onse ayankha mofanana. Popanda kalata yotiitana yovomerezedwa ndi boma lawo, viza sitingaione. Komanso kunja kwa likulu sitingayende tokha, tiyenera kukhala ndi gaidi wawo tsiku ndi tsiku. Apa ndi pomwe mtima wanga wakana. Ife tinazolowera kubwereka galimoto n'kumadziyendera, kuima pomwe tafuna, kugona komwe dzuwa latilowera. Ndiye tilipire munthu woti azititsata pambuyo masiku onsewo? Si kudzigulira ukaidi ndi ndalama zako zomwe kumeneko? Tikuganiza za Okutobala, masiku asanu. Ngati alipo anapitako, chonde atiuze zenizeni.

Tiyamike (Johannesburg):
Achemwali, choyamba mafuno abwino pa zaka 25, si masewera. Koma ndifunse nawo, bwanji osapita ku Namibia? Chipululu chiliko, milu ya mchenga wofiira ya ku Sossusvlei, misewu yabwino, galimoto mumayendetsa nokha, ndipo a Chikondi ndi pasipoti ya Malawi safunika viza. Palibe wokuwerengerani mapazi.

Nachisale (Leeds):
Ku Namibia tinapita kale, Tiyamike, ndipo ndinakukonda kwambiri. Koma alamu anuwa afuna moto wawo uja basi.

Dalitso (Dubai):
Mayi Nachisale, ine ndinapitako mu Okutobala 2023, patangopita miyezi ingapo chitsegulireni malire. Paja anatseka dziko nthawi ya Covid mpaka Malichi 2023. Ndinakwera flydubai kuchokera kuno, maola awiri ndi theka basi. Ndili pantchito, ndiye ndiziyankha pang'onopang'ono, mundipirire.

Zomwe akuuzani makampaniwo ndi zoona. Mumawatumizira kope la pasipoti, chithunzi chanu, ndi fomu yonena ntchito yomwe mumagwira ndi komwe mumagwirako. Iwo ndi amene amakapereka zonsezi ku ofesi ya boma yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko. Mukatero mumangodikira, kawirikawiri masabata awiri kapena atatu, nthawi zina kupitirira. Akhoza kukana osapereka chifukwa chilichonse, ndipo palibe kokadandaula. Tsono langizo loyamba ndi ili: musagule tiketi ya ndege yosabweza ndalama kalatayo isanatuluke. Ikatuluka muisindikize papepala, chifukwa a ndege amafuna kuiona musanakwere. Viza yeniyeniyo amakumatirani pabwalo la ndege ku Ashgabat, ndipo mumalipira madola a m'manja.

Za gaidi ndibwera nazo nthawi ya nkhomaliro, chifukwa ndi nkhani yaitali.

Chikondi (Lilongwe):
Zikomo achemwali pondilowetsa m'gulu. Achimwene a Dalitso, mawu anu oti fomu imafunsa ntchito andidetsa nkhawa. Ine ndimagwira pa wailesi ina kuno, koma si mtolankhani ayi, ndimakonza makina oulutsira mawu. Ndamva kuti atolankhani sawafuna kumeneko. Ndingolemba kuti ndine wabizinesi?

Dalitso (Dubai):
Ayi achimwene, musalembe bodza. Funso lanu likukumana bwino ndi zomwe ndimati ndifotokoze, ndiye ndiyambire pomwepo.

Inenso ndinapita ndi maganizo ngati a mayi Nachisale, oti gaidi ndi mlonda amene boma landiikira. Tsiku lachiwiri tikuyenda mu Ashgabat, mzinda woyera mbee, nyumba zokutidwa ndi miyala ya mabo, misewu yotakasuka koma yopanda anthu, ndinatulutsa foni pawindo n'kujambula chinyumba china cha denga lagolide. Gaidi anali atandiuza m'mawa kuti ndizifunsa kaye, koma ndinaiwala. Sitinapite patali, wapolisi anakweza ndodo, tinaima. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Anaitana gaidi wanga, mnyamata wa zaka ngati 30, bambo wa ana awiri. Ndinkamuona pagalasi ataima padzuwa, chipewa chili m'manja, akutambasula mapepala limodzi limodzi, akuweramitsa mutu. Panatha mphindi pafupifupi 40. Atabwera anandipempha, mwaulemu ndithu, kuti ndifufute chithunzicho wapolisi uja akuona. Titanyamuka anatenga botolo la madzi kuti amwe, ndipo ndinaona dzanja lake likunjenjemera mpaka madzi kudonthera pa malaya.

Madzulo tikudya ndi pomwe anandiuza, motsitsa mawu, kuti m'mabuku a boma dzina la kampani yake lalembedwa pambali pa dzina langa. Ndikalakwa ine, ofunsidwa ndi iwo. Ine Lachisanu ndikwera ndege kubwerera ku Dubai, iye atsala komweko ndi banja lake ndi ntchito yake. Mpaka lero ndikakumbukira dzanja lija mtima umandipweteka.

Ndiye mayi Nachisale, munthuyo sakutsatani pambuyo ayi. Wakusenzani pamutu. Ndi iye wokakulembetsani ku boma m'masiku atatu oyamba, ndi iye wolankhula pa malodibuloko, ndi iye wodziwa malo ofunika chilolezo chapadera. Ndipo a Chikondi, mukanama pa fomu n'kudziwika muli kale m'dzikomo, inu mwina angokuthamangitsani, koma amene anakuitanani ndiye adzalawe chowawa. Auzeni a kampani zoona zonse: ndimagwira pa wailesi, ntchito yanga ndi ya makina. Iwo amadziwa kalembedwe kake, ndipo ngati aona kuti sizitheka akuuzani msanga ndalama zisanalowe m'madzi.

Nachisale (Leeds):
Ndawerenga kawiri, a Dalitso. Sindinaganizepo mbali imeneyi. Ine ndimangoona ufulu wanga wokha.

Tiyamike (Johannesburg):
Koma nkhani imeneyi ikungonditsimikizira zomwe zili mumtima mwanga. Munthu anjenjemere chifukwa cha chithunzi cha nyumba? Dzikoli chaka ndi chaka limakhala kumunsi kwenikweni pa mndandanda wa ufulu wa atolankhani wa bungwe la Reporters Without Borders, pafupi ndi North Korea ndi Eritrea. Nthawi yonse ya Covid boma lawo silinavomerepo kuti kuli wodwala ngakhale mmodzi. Utsogoleri unachoka kwa bambo, Gurbanguly Berdimuhamedow, kupita kwa mwana wake Serdar mu 2022. Ndalama za viza ndi misonkho yomwe mulipire zikulowa m'thumba la boma lomwelo. Sindikuti achemwali ndi oipa, koma ine mtima wanga sungalole.

Bambo Mwale (Zomba):
Ana anga, ndiloleni ndiikepo mawu ngakhale sindinapiteko. Ndine mphunzitsi wopuma, ndipo zomwe mwafotokoza a Dalitso sizachilendo kwa ife amene tinagwira ntchito m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya mu 1971. Mtsogoleri wawo woyamba, Saparmurat Niyazov, amene ankadzitcha Turkmenbashi, tate wa Aturkmen onse, anapatsidwa umuyaya womwewo mu 1999, ndipo analamula mpaka imfa yake mu Disembala 2006. Iye anafika posintha mayina a miyezi, Januwale n'kukhala dzina lake, Epulo n'kukhala dzina la mayi ake. Ife sitinafike pamenepo, koma chithunzi pakhoma lililonse tinali nacho, lamulo la kavalidwe la 1973 tinali nalo, amayi osavala thalauzi, anyamata a tsitsi lalitali kumetedwa pabwalo la ndege.

Ndikukumbukira mlendo wina wochokera kunja amene anabwera pasukulu yomwe ndinkaphunzitsa. Munthu wabwino, wachifundo. Tili m'chipinda cha aphunzitsi anafunsa mokweza kuti, kodi inu mumamukondadi mtsogoleri wanuyu? Chipinda chonse chinangoti zii. Mnzanga wina anaseka pang'ono chabe, mwina chifukwa cha mantha omwewo. Mlendoyo anapita kwawo osadziwa kanthu. Mnzanga uja anaitanidwa kukafunsidwa kawiri, ndipo teremu yotsatira anamusamutsira kutali.

Mayi Tiyamike, maganizo anu ndimawalemekeza, ndipo amene wasankha kusapita sanalakwe. Koma ndinene kuti ife masiku amenewo alendo sitinkadana nawo. Ankagona m'malo ogona alendo kunyanja, ankagula ziboliboli, ana a anthu ankapita kusukulu ndi ndalama zimenezo. Amene ankatipweteka ndi mlendo wosadziwa kuti kwa eni kulibe mkuwe. Mukapita, mayi Nachisale, musamufunse gaidi za ndale pagulu kapena pamaso pa dalaivala. Akafuna kuyankhula adzayamba yekha.

Tiyamike (Johannesburg):
Ndamva, bambo Mwale. Ine sindipita, koma sindiwaletsanso achemwali. Chomwe ndingapemphe ndi choti pomwe mungathe muzidya m'malo a anthu wamba ndi kugula kwa amayi a pamsika, ndalama ina ikafike m'manja mwa eni ake.

Nachisale (Leeds):
Zimenezo ndalonjeza. Tsopano a Dalitso, tiuzeni za motowo, chifukwa bambo a kuno aima pambuyo panga akuwerenga nawo.

Dalitso (Dubai):
Moni bambo. Darvaza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 260 kumpoto kwa Ashgabat. Tinanyamuka masana pa galimoto yamphamvu, maola anayi, msewu wa tara koma wodzaza maenje, ngamila zikudutsa mosasamala. Tinaima pa mudzi wa Yerbent kumwa tiyi, kenako gaidi anationetsa maenje ena awiri a m'mbali mwa msewu, lina la madzi, lina la matope otumphuka. Chakumapeto mumasiya tara n'kulowa mumchenga makilomita angapo, ndipo pamenepo ndi pomwe mumathokoza kuti woyendetsa si inu.

Masana dzenjelo silidabwitsa kwenikweni. Ndi lalikulu mamita pafupifupi 70 m'mimba mwake, kuya ngati mamita 30, lozunguliridwa ndi kampanda kachitsulo. Dikirani dzuwa lilowe. Mdima ukagwa m'chipululu mulibe nyali ina iliyonse, ndiye pansi pamangoti psuu. Timalawi tambirimbiri tikutuluka m'ming'alu ya m'makoma, phokoso lake ngati la mbaula ya gasi yaikulu kwambiri. Mphepo ikatembenukira kwa iwe nkhope imawawa ndi kutentha, umabwerera m'mbuyo, pomwe msana ukuzizidwa. Ndinakhala pamenepo mpaka cha m'ma 2 koloko usiku, n'kudzukanso m'bandakucha.

Nkhani yomwe imakambidwa kwambiri ndi yoti akatswiri a miyala a nthawi ya Soviet Union ankakumba kufuna mafuta mu 1971, nthaka inagumukira m'phanga la gasi, ndiye anayatsa poganiza kuti gasiyo atha m'masabata ochepa. Ena amati dzenjelo linagumuka kale m'ma 1960 n'kudzayatsidwa pambuyo pake. Munthu wina wa ku Canada, George Kourounis, anatsikiramo mu 2013 atavala zovala zosagwira moto.

Koma ndikuuzeni zoona, bambo, kuti musadzakhumudwe. Moto ukuchepa. Mu Januwale 2022 pulezidenti wa nthawiyo analamula kuti apeze njira youzimitsira, ndipo akumba zitsime mozungulira kuti akoke gasiyo asanafike m'dzenjemo. Mu 2025 a kampani ya boma ya Turkmengaz ananena okha kuti moto wachepa pafupifupi katatu. Zithunzi zomwe mukuona pa intaneti zambiri ndi zakale. Afunseni a kampani akutumizireni chithunzi cha mwezi uno. Ngati ulendo wonse mwaumangira pa moto wokhawo, mutha kubwerako mukudandaula.

Nachisale (Leeds):
Akuti ngati ukuzima ndiye ndi chifukwa chabwino chopitira chaka chino. Koma ndaona nkhope yagwa pang'ono.

Bambo Mwale (Zomba):
Asagwe nkhope, chifukwa chomwe ine ndingapitire kumeneko, ndikanakhala ndi mawondo abwino, ndi mabwinja a Merv. Ali pafupi ndi mzinda wa Mary, chakum'mawa kwa dzikolo, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1999. Si mzinda umodzi ayi, ndi mizinda ingapo yomangidwa moyandikana m'nyengo zosiyana: Erk Kala, Gyaur Kala, Sultan Kala. Apaulendo a malonda a silika ochokera ku China kupita kumadzulo ankapumira pamenepo. M'zaka za m'ma 1100, pansi pa Sultan Sanjar, unali umodzi mwa mizinda ikuluikulu pa dziko lonse, wa nyumba zosungira mabuku ndi ngalande zothirira minda. Mu 1221 Tolui, mwana wa Genghis Khan, anauzinga, anapha anthu ake, n'kugumula damu lomwe linkaupatsa madzi. Chiliza cha Sultan Sanjar chidakalipo, chaima chokha pakati pa chigwa.

Dalitso (Dubai):
Bambo Mwale anena zoona, ndipo ku Merv ndi komwe ndinaona phindu lenileni la gaidi. Mukapita nokha mungoona zitunda za dothi ndi ngamila zikudya zitsamba, mphindi 20 mwatopa. Malowo ndi aakulu, oyendamo pa galimoto, zikwangwani n'zochepa. Wanga uja anandikweza pamwamba pa linga la Erk Kala n'kuyamba kuloza: apo panali chipata, apo msika, uko nyumba yozungulira yosungiramo madzi oundana a m'nyengo yozizira kuti adzagwire ntchito m'chilimwe. Anawerama n'kutola phale la mbiya la mtundu wobiriwira, kundiika m'manja kuti ndilione, kenako anaribwezera pomwe analitola, n'kulikwirira pang'ono ndi chala. Pa Kyz Kala, chinyumba cha dothi cha makoma opindikapindika ngati malata oimika, tinakhala ola lathunthu iye akufotokoza. Munthu yemweyo amene ananjenjemera pamaso pa wapolisi, apa nkhope inali itawala, akuyankhula za kwawo.

Che Yusufu (Mangochi):
Salaam kwa nonse. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma dzina la Merv landidzutsa. Kumeneko kuli manda a maswahaba (anzake) awiri a Mtumiki Muhammad, Buraida al-Aslami ndi al-Hakam al-Ghifari, komanso a Sheikh Yusuf Hamadani. Achimwene a Dalitso, munafikako? Nanga zakudya ndi malo oswalira zili bwanji? Mwina tsiku lina nane ndidzadziponya.

Dalitso (Dubai):
Tinafika, Che Yusufu. Manda awiriwo ali moyandikana, ndipo tinapeza mabanja abwera kudzachita ziyara, kutanthauza kuyendera manda a anthu oyera, amayi akuphika mpunga m'miphika ikuluikulu yoti aliyense wodutsa adye. Anatiitana nafe, tinakhala pamphasa. Anthu ambiri m'dzikomo ndi Asilamu, nyama yofala ndi ya nkhosa, ndipo mizikiti ilipo. Waukulu kwambiri uli ku Gypjak, kunja kwa Ashgabat, unatsegulidwa mu 2004. Mukamuuza gaidi za nthawi ya swala amaikonzera pa ndondomeko.

Chakudya chawo ndi mpunga wophika ndi nyama ndi karoti womwe amati palow, nyama yootcha pa timitengo, timitanda ta ufa toikamo nyama totchedwa manty, ndi tiyi wobiriwira nthawi iliyonse. Mkaka wa ngamila wosasa, chal, ndinaulawa kamodzi, ndi wowawasa kuposa chambiko. Mavwende awo ndiye musanene, mpaka ali ndi tsiku lake lokondwerera mu Ogasiti. Chimodzi choti musamale ndi buledi wawo wozungulira, chorek. Ndinamuika chadodolido pamphasa osadziwa, gaidi anangotambasula dzanja mwakachetechete n'kumutembenuza. Buledi saikidwa chozondoka, saponyedwa, salumphidwa.

Chikondi (Lilongwe):
Ine vuto langa ndi madola. Mukudziwa mmene zilili kuno, ku banki umalembetsa n'kudikira, pa bulaki mtengo wake ndi wolira nawo. Khadi la banki silingagwire kumeneko?

Dalitso (Dubai):
Musadalire khadi ngakhale pang'ono, kaya la Malawi kaya la ku Britain. Ndi dziko la ndalama za m'manja. Madola akhale atsopano, osang'ambika, osalembedwa ndi bolopeni, ndipo mukhale ndi ang'onoang'ono ambiri. Ndalama yawo ndi manat. Mtengo wa boma unamangidwa pa 3.5 pa dola imodzi, koma wa kuseri ndi wokwera kangapo, nkhani yomwe ife Amalawi sitifunika kufotokozeredwa. Kusintha kuseri n'koletsedwa, ndiye musapite nokha kukasakasaka osintha pamsika. Mufunseni gaidi kuti manat muwapeza bwanji, mutsate zomwe wanena. Ubwino wake ndi woti hotela, galimoto ndi gaidi zimalowa mu mtengo wa kampani, ndiye za m'thumba zimangokhala za viza, chakudya china ndi mphatso. Mwina achemwali anu akulipirireni mbali ya madola kuchokera ku Leeds, inu muwabwezere m'makwacha pa zomwe amathandiza kumudzi.

Za ndege, inu mukwera Ethiopian kupita ku Addis Ababa, kenako Dubai kapena Istanbul. A ku Leeds njira yosavuta ndi Turkish Airlines kudzera ku Istanbul. Ndikanakhala inu ndikanakumana ku Istanbul n'kulowa limodzi pa ndege imodzi, chifukwa ndege zambiri zimafika ku Ashgabat pakati pa usiku ndipo mizere ya pabwalopo ndi yotopetsa kwa munthu ali yekha.

Nachisale (Leeds):
Chikondi, zimenezo tikambirana kumbali, usade nkhawa. Ndalama ya malata a nyumba ya amayi ija ungoigwira iweyo, ine ndilipira kuno.

Mayi Chanza (Blantyre):
Ine ndimagwira mu famase, ndiye ndinene za mankhwala zisanaiwalike. Turkmenistan ndi yokhwima kwambiri pa mankhwala okhala ndi codeine ndi tramadol. Mayi Nachisale, kwanuko co-codamol, yemwe ali ndi codeine, mumangogula pa kauntala ngati panado, ndipo ambiri amayenda naye m'kachikwama osaganizako. Khuthulani zikwama zonse musanapakire. Mankhwala a BP kapena shuga akhale m'mabokosi ake enieni, pamodzi ndi kalata ya dokotala yotchula dzina la mankhwala ndi mlingo wake. Onjezani a m'mimba ndi ORS, chifukwa ku Darvaza chipatala chili kutali. Madzi muzimwa a m'botolo okha.

Nachisale (Leeds):
Mayi Chanza, Mulungu akudalitseni. Ndangoyang'ana m'chikwama cha bambo, co-codamol alimo paketi yathunthu, amamwa msana ukawavuta. Safunsa anadya phula ndithu.

Limbani (Istanbul):
Ndine wophunzira kuno, ndipo m'kalasi mwathu muli anzanga a ku Turkmenistan angapo. Awiri okha oti ndiwonjezere. Choyamba, WhatsApp, Facebook, YouTube ndi zina zotere n'zotsekedwa kumeneko, ndipo ma VPN ambiri, mapulogalamu ozembera kutsekedwa kwa intaneti, sagwira. Anzangawa akamayankhula ndi makolo awo amavutika kwambiri. Auzeni ana anu ndi a kumudzi kuti mukhala chete masiku amenewo, muwasiyire nambala ya kampani. Chachiwiri, mu Epulo 2025 anakhazikitsa lamulo lobweretsa viza ya pa intaneti, yosafuna kalata yoitanira. Koma malinga ngati kampani ikukuuzani kuti kalata ikufunika, tsatani zimenezo, musadalire mitu ya nkhani.

Chikondi (Lilongwe):
Funso lina lomwe ndikuchita nalo manyazi pang'ono koma ndi lofunika. Munthu wakuda amamulandira bwanji?

Dalitso (Dubai):
Si la manyazi, inenso ndinali nalo. Masiku onse omwe ndinakhalako sindinakumane ndi wakuda mnzanga. Anthu amayang'ana, makamaka kunja kwa likulu, koma ine chipongwe sindinachione. Ku msika waukulu wa Altyn Asyr, kunja kwa Ashgabat, komwe Lamulungu kumagulitsidwa chilichonse kuyambira makapeti mpaka ngamila, amayi ena ovala madiresi aatali opeta pakhosi anandizungulira kupempha kujambulitsa nane. Wina wachikulire anandigwira dzanja n'kufunsa kudzera mwa gaidi kuti kwathu kuli mvula. Nditati kuli nyanja yaikulu ya madzi abwino, anapukusa mutu modabwa, n'kundidulira chibenthu cha vwende osafuna ndalama. Tsiku lina zimatopetsa, osabisa, koma gaidi amadziwa kuwauza anthu mwaulemu kuti mlendo apume.

Mayi Nachisale, zitenje ndi madiresi aatali mutenge, mukafanana ndi eni dziko. Ngati bambo amasuta, fodya pamsewu ndi poletsedwa. Mukakopeka ndi kapeti, gulani m'sitolo yomwe imapereka chikalata chololeza kutuluka nayo, apo ayi idzatsala pabwalo la ndege.

Nachisale (Leeds):
Sasuta, mwamwayi. Tsopano masiku. Asanu akwana?

Dalitso (Dubai):
Akwana mothamanga: awiri ku Ashgabat pamodzi ndi mabwinja a Nisa omwe ali pafupi, usiku umodzi ku Darvaza, awiri ku Mary ndi Merv, popita pa ndege ya m'dziko momwemo. Koma a Chikondi adzakhala atayenda pafupifupi tsiku lathunthu kuchokera ku Lilongwe, ndiye kubwerera patangotha masiku asanu n'kuwononga tiketi. Ine ndinakhala asanu ndi atatu, ndipo atatu owonjezerawo ndinapita kumadzulo. Panjira pali Kow Ata, nyanja ya pansi pa phanga, mumatsika masitepe ambirimbiri mumdima n'kukasambira m'madzi ofunda onunkha sulufule. Kenako mudzi wa Nokhur m'mapiri a Kopet Dag, komwe manda amaikapo nyanga za mbuzi za m'phiri. Ndipo pamapeto Yangykala, maphompho a miyala ya mizere yofiira, yoyera ndi yapinki, komwe kale kunali pansi pa nyanja. Tinagona m'tenti pamwamba pa phompho, anthu atatu okha, popanda galimoto ina kufikira m'mawa. Kwa ine malo amenewa anaposa moto uja.

Kumpoto kuli Kunya-Urgench, ya nsanja yakale yotalika mamita pafupifupi 60, koma msewu wochokera ku Darvaza kupita kumeneko ndi woswa msana, ndipo mwati bambo msana umawavuta. Ambiri opita uko amatulukira ku Uzbekistan. Inu a pasipoti ya Britain simufunika viza ya kumeneko, koma a Chikondi ayenera kufufuza kaye za yawo. Ine ndikanakusiya.

Okutobala mwasankha bwino, makamaka kumayambiriro. Julayi kumapitirira madigiri 40. Koma usiku wa m'chipululu umazizira kuposa Dedza mu Juni, ndiye jekete lolemera, chipewa ndi masokosi musasiye, ngakhale atakuuzani kuti mu yurt, tenti yozungulira yomwe alendo amagonamo, muli mabulangete.

Tiyamike (Johannesburg):
Mufunsenso ngati gaidi ndi dalaivala ndi munthu mmodzi. Maola onsewo m'maenje, munthu yemweyo azifotokozanso mbiri, si chilungamo kwa iye, komanso si zotetezeka kwa inu.

Dalitso (Dubai):
Mfundo yabwino kwambiri, achemwali. Mwa anthu atatu n'kotheka kulipira onse awiri osamva kuwawa kwenikweni. Ndipo tsiku lomaliza muwapatse kangachepe m'manja, aliyense payekha.

Nachisale (Leeds):
Takhala pansi ndi bambo usiku uno, ndipo Chikondi tamuimbira. Tagwirizana masiku asanu ndi atatu, sabata yoyamba ndi yachiwiri ya Okutobala: Ashgabat, Darvaza, Merv, kenako kumadzulo mpaka Yangykala. Ndalembera kampani yomwe inayankha mwatsatanetsatane ija. Ndawauza za ntchito ya Chikondi monga mmene ilili, ndapempha chithunzi chatsopano cha dzenjelo, ndafunsa ngati gaidi ndi dalaivala ndi anthu awiri, komanso kuti chikole amabweza bwanji kalata ikakanidwa kwa mmodzi wa ife. Matiketi tidikira. Bambo Mwale, ku Merv ndikakujambulirani chiliza cha Sultan Sanjar mbali zonse, nditamufunsa kaye gaidi.

Bambo Mwale (Zomba):
Ndidzakondwa kwambiri, mwana wanga. Mukandijambulirenso Kyz Kala dzuwa likupendeka.

Chikondi (Lilongwe):
Ndangoona kuti pasipoti yanga ikutha mu Febuluwale. Kodi imeneyi ilola?

Dalitso (Dubai):
Siilola, imafunika kukhala ndi miyezi isanu ndi umodzi kutsogolo. Ndipo nambala ya pasipoti yomwe ilembedwe pa kalata iyenera kukhala yomweyo yomwe mudzayendere, ndiye yambani ndi pasipoti yatsopano mawa lomwe, fomu ya kampani idikire. Mayi Nachisale, auzeni a kampani za kuchedwaku lero. Ndipo a Chikondi, mukamadzapakira muikemo mapaketi awiri a tiyi wa ku Thyolo, wina wa gaidi wina wa dalaivala. Wanga uja ndinamupatsa theka la paketi lomwe linanditsalira m'chikwama, anati akamwa ndi mayi ake.

Chikondi (Lilongwe):
Mawa 7 koloko ndili pamzere. Tiyi ndigula mapaketi anayi.